KODI KUDIKIRA KONSE N'KUKHULUPIRIKA?

Kwathu kwa Kuntumanji, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa chakumadzulo, munthu akafuna kukunyoza kotheratu sataya nthawi kufunafuna mau ataliatali. Amangoti, "Galu iwe!" ndipo mlandu wafika kale kwa anyakwawa. Galu kwa ife ndi chizindikiro cha umbombo, chiwerewere ndi kupanda manyazi. Munthu wofa popanda womulira timati wafa imfa ya galu. Koma mumzinda wa Tokyo ku Japan, pakhomo la siteshoni ya sitima yotchedwa Shibuya, pali chifanizo cha galu chosulidwa ndi mkuwa. Anthu miyandamiyanda amapangana kukumana pamenepo tsiku ndi tsiku, chaka chiri chonse pamachitika mwambo wokumbukira galuyo, ndipo ana amakula akumva kuti imeneyo inali nyama yoyenera kuitsanzira.

Nanga walakwa ndani, ife onyoza kapena iwo otamanda? Ine ndikuganiza kuti funso limeneli silikhudza agalu okha. Likukhudza liu limodzi limene timalimva m'tchalitchi, mumzikiti, paukwati, pamaliro ndi pamsonkhano wa ndale, ndilo kukhulupirika. Tonse timavomereza kuti kukhulupirika ndi khalidwe labwino, koma kawirikawiri sitifunsa kuti akukhulupirika ndani, akukhulupirika kwa yani, ndipo amene akupindula ndani. Tiyeni tsono tiyambe tamva nkhani ya galuyo, kenaka tiibweretse kuno kumudzi tione ngati ingakwane pamkeka wathu.

Dzina lake anali Hachi, ngakhale dziko lonse limamdziwa kuti Hachiko. Anabadwa m'chaka cha 1923 pafupi ndi mzinda wa Odate kumpoto kwa Japan, ndipo anali wa mtundu wa agalu akuluakulu a mchira wopindika otchedwa Akita. Kuchiyambi kwa 1924 anamtengera ku Tokyo kwa Hidesaburo Ueno, mphunzitsi wamkulu wa zaulimi pa yunivesite ya mumzindamo. Galuyo anazolowera kukamchingamira mbuye wakeyo pa siteshoni ya Shibuya. Pa 21 May 1925 mphunzitsiyo anadwala mwadzidzidzi ali ku ntchito, mtsempha wa magazi utaphulika m'mutu, namwalira osabwereranso kunyumba. Anali atakhala ndi galuyo chaka chimodzi chokha ndi miyezi yowerengeka.

Pambuyo pa maliro banja linabalalika. Mai amene Ueno ankakhala naye, dzina lake Yaeko, anatuluka m'nyumbamo pakuti ukwati wao sunali wolembetsa ku boma, ndipo galuyo anayendayenda m'makomo a anthu kufikira anakhazikika kwa munthu amene kale ankasamala maluwa pakhomo pa malemuyo. Kuchokera kumeneko Hachi anayamba kupita ku siteshoni masiku onse, nakhala pansi kuyang'ana anthu otsika sitima. Poyamba panalibe womtamanda. Ena ankamthamangitsa, ena kumseweretsa mwankhanza, monga momwe timachitira ndi galu wosokera pamsika. Zinthu zinasintha mu October 1932 pamene nyuzipepala ya Asahi Shimbun inalemba nkhani yake itaimva kwa Hirokichi Saito, munthu amene ankalimbikira zosunga agalu a mtundu wa Chijapani. Anthu omwe aja ankamgenda anayamba kumbweretsera chakudya. Mu April 1934 anavundukula chifanizo chake, mwini wake ali moyo ndipo ali pomwepo. Anafa pa 8 March 1935 atadikira pafupifupi zaka 10. Chikopa chake chinasungidwa m'nyumba yoonetsera zinthu zachilengedwe ku Tokyo, ndipo pambali pa manda a Ueno ku Aoyama pali mwala womukumbukira.

M'chaka cha 1987 anthu a ku Japan anapanga kanema wotchedwa Hachiko Monogatari, ndiye kuti Nthano ya Hachiko. Anatsogolera ntchitoyo ndi Seijiro Koyama, analemba seweroli ndi Kaneto Shindo, ndipo Tatsuya Nakadai ndiye anasewera ngati mphunzitsi uja. Mu 2009 Amereka anapanga kanema wao pa nkhani yomweyi, mwa iye muli Richard Gere, ndipo mwina ena mwa inu ndi ameneyo mudaonera. Ine ndinaonera wa Chijapaniyo pa kompyuta ya mnzanga usiku wina titatopa ndi mabuku, tikuwerenga mau a Chingerezi olembedwa m'munsi mwa zithunzi. Chimene ndinachiona n'chakuti kanemayu safulumira kutifikitsa pa kudikira kuja. Amayamba watichedwetsa pakhomo pa mphunzitsiyo, tione momwe akumchotsera utitiri galu wake mmodzimmodzi, momwe akumsambitsira, mpaka mkazi wake kuchita nsanje. Mphunzitsiyo atamwalira, ali yense wotsala ali ndi chifukwa chake chomveka chosasungira galuyo. Wina nyumba njochepa, wina akusamuka, wina banja lake silikufuna. Palibe amene ali mfiti pakati pao, komabe galuyo akutsirizira moyo wake panja, m'chisanu choyera chija chimagwa ngati ufa m'maiko ozizira. Potuluka m'chipindamo mnzanga anati, "Galu ameneyu anali munthu." Ine ndinaona ngati kanemayu sakutamanda galu kwenikweni, koma akuzenga mlandu anthu.

Pali ena ochenjera amene amati nkhani yonseyi ndi bodza lokoma. Iwo amakumbutsa kuti pafupi ndi siteshoniyo panali ogulitsa nyama ya nkhuku yowotcha yotunga pa timitengo, ndipo pamene madokotala anang'amba mtembo wa galuyo anapeza timitengo totere m'mimba mwake. Motero, iwo amati, Hachi sankadikira mbuye wake koma kanyenya. Maganizo amenewa sindigwirizana nao. Choyamba, galuyo anapita ku siteshoni zaka 7 asanatchuke, nthawi imene miyala inkamchulukira kuposa nyama. Chachiwiri, ife a kunyanja timawadziwa agalu. Asodzi a pa Chilwa amapita kukakhala masabata angapo m'zimbowera, tinyumba tija amamanga pamwamba pa madzi pakati pa njedza, ndipo si zachilendo kuona galu atagona pagombe pamene bwato la mbuye wake linanyamukira. Mabwato ambiri amafika ndi matemba, makumba ndi milamba, ndipo galuyo amadya matumbo a nsomba amene ali yense wamponyera. Koma likafika bwato limodzi lokha ndi pamene amadzuka n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi. Kudya kwa onse amadya, koma woyembekezeka ndi mmodzi. Ndiponso, kodi chikondi chathu anthufe n'chosiyana kwambiri ndi chimenechi? Mwana amayamba kudziwa mai wake pabere, ndipo ubwenzi wambiri unayambira pa mbale ya nsima. Chikondi chokhala ndi fungo la chakudya sichileka kukhala chikondi.

Ndikuvomera tsono kuti galuyo anakondadi mbuye wake, ndipo amene angaonere kanemayu maso ali gwa ali ndi mtima wa mwala. Vuto langa liri pena. Liri pa mau aja akuti munthu atsanzire galuyo.

Taganizani chifukwa chimene Hachi anadikirira zaka zonse zija. Anadikira chifukwa panalibe njira yomuuzira kuti mbuye wake wamwalira. Munthu akafa kwathu kuno, amatumiza anyamata kukanena uthenga m'midzi yonse, achibale amaona nkhope, adzukulu amakumba manda, ndipo wamasiye amaona ndi maso ake dothi likubwezedwa. Pakapita nthawi pamakhala kumeta, ndipo pambuyo pake abale a malemu amabwera kudzasudzula wotsalayo, kumuuza poyera pamaso pa ankhoswe kuti tsopano ndi mfulu, angathe kukwatira kapena kukwatiwa. Makolo athu sanapite ku yunivesite, koma anadziwa kuti kudikira kopanda malire kumadya munthu ngati chiswe, ndiye chifukwa chake anaika mwambo wotsekera chitseko chimenecho. Hachi panalibe akanamsudzula. Sakanatha kufunsa, sakanatha kumva yankho, sakanatha kusankha kuleka. Kudikira kwake kunali kokongola, inde, koma kunali kudikira kwa mumdima. Tsono munthu amene ali ndi makutu omvera uthenga, pakamwa pofunsira ndi nzeru zoyezera yankho, mukamuuza kuti akhale ngati galu ameneyu, mukumuuza kuti ataye zinthu zitatu zimene zimamchititsa kukhala munthu.

Ndipo anthu otere, odikira mumdima, sitisowa kukawafuna ku Japan. Kwa zaka zambiri amuna a dziko lino ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku minda ya fodya ndi m'mizinda ya ku Rhodesia. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana niipha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwao, ndipo boma linaimitsa ulendo wa ku migodi. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzatheratu mu 1988. Akazi a anthu amene anafera m'ndege ija analira, anameta, ndipo anasudzulidwa. Tsoka lao linali lalikulu, koma linali ndi dzina ndi tsiku lake. Koma panali gulu lina la akazi, akazi a matchona, amene amuna ao sanafe ndiponso sanabwere.

M'banja mwathu munali gogo wina, mng'ono wao wa agogo anga obereka mai. Amuna ao anapita ku Salisbury, kumene lero timati Harare, iwo ali ndi mwana kumsana. Zaka ziwiri zoyamba kunkabwera makalata, nthawi ina bulangete ndi ndalama pang'ono. Kenaka kunati zii. Anthu obwerako ankanong'ona kuti bamboyo ali ndi banja lina kumeneko, koma panalibe wolimba mtima kunena poyera. Akuchimuna anakana kuwasudzula, amvekere, "Mwana wathu ali moyo, abwera." Amuna ena anafunsira, iwo anakana. Analima mpunga okha, analera mwana okha, anakalamba okha m'nyumba imene inayang'ana kunjira. Pamaliro ao, ine ndiri mwana wa ku pulaimale, wolalika anawatamanda kuti anali chitsanzo cha mkazi wokhulupirika, anthu onse navomera. Dzina la bambo uja silinatchulidwe n'komwe. Onani tsono momwe chitamando chimagwirira ntchito. Pokweza wodikira, timaphimba wodikiritsa. Tikanena kuti gogoyo anali wokhulupirika, nkhani yatha mokoma ndipo tonse tipita kwathu mitima iri mbee. Tikanati tinene kuti gogoyo anaberedwa moyo wake, pakanafunika kutchula wakubayo, pamodzi ndi onse amene anadziwa zoona n'kukhala chete.

Musaganize kuti zimenezi zinatha ndi Theba. Anyamata a m'boma lino la Zomba ndi maboma oyandikana nalo akupitabe ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Kale kunkasowa makalata, lero imaleka kulira ndi foni. Mtsikana amaona pa WhatsApp kuti mwamuna wake wawerenga uthenga koma sanayankhe, ndipo apongozi amamuuza kuti apirire, banja ndi kupirira. Alipo amuna ambiri amene amatumiza ndalama, kumanga nyumba za malata ndi kubwera pa Khirisimasi kapena pa Idi, ndipo amenewo sindikuwanena. Ndikunena za uja amene amafuna kuti kumudzi kukhale munthu womudikira, monga momwe munthu amasungira khasu lakale kuseri kwa nkhokwe, kuti mwina tsiku lina lidzafunika.

Si amuna okha amene amakonda nthano ya wodikira wosafunsa. Maboma amaikonda koposa. Nkhani ya Hachiko inatchuka m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene asirikali ankalanda mphamvu m'dziko la Japan ndi kulikonzekeretsa nkhondo. Inalowetsedwa m'buku la sukulu lophunzitsa ana aang'ono makhalidwe, kuti adziwe kusaiwala amene anawachitira zabwino, ndipo m'masiku amenewo wamkulu wa onse oyenera kuwathokoza anali Mfumu ya dzikolo. Ana ambiri amene anawerenga phunzirolo anakula n'kukafera ku nkhondo. Nanga dzikolo linawabwezera chiani agalu amene linkawatamanda? Nkhondo itavuta, agalu ambiri, a mtundu wa Akita omwe, anaphedwa kuti zikopa zao zikhale zovala za asirikali, mwakuti mtunduwo unatsala pang'ono kutheratu. Mu 1944 chifanizo chenicheni cha Hachiko chinachotsedwa n'kukasungunulidwa chifukwa chitsulo chinkafunika pa nkhondo. Chimene chiri pa Shibuya lero ndi chachiwiri, chimene chinaikidwa mu 1948, ndipo anachipanga ndi mwana wa mmisiri amene anapanga choyamba chija. Wolamula amene amakuphunzitsa kukhulupirika kwa galu ndi yemweyo amene adzakusenda chikopa tsiku limene adzamve kuzizira.

Ife Amalawi phunziro limeneli tinaliphunzira ndi misozi. M'nthawi ya chipani chimodzi, kuyambira 1966 mpaka 1993, mwana ali yense ankaloweza ngodya zinai: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mau onse anaiwo ndi abwino, ndipo palibe mudzi umene ungaime popanda iwo. Koma kukhulupirika kumene kunkafunidwa masiku amenewo kunali kopita mbali imodzi, kuchokera pansi kupita kumwamba, ndipo kufunsa funso kunkawerengedwa ngati kuukira. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza. Boma linati inali ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene anachitika chipani chimodzi chitatha anapeza kuti anachita kuphedwa. Amenewa sanali alendo m'chipani, Matenje anali mlembi wamkulu wa chipanicho. Mu September 1987, chaka chomwe anthu a ku Tokyo ankalira m'nyumba za kanema poonera Hachiko, Jack Mapanje, mlakatuli ndiponso mkulu wa gawo la Chingerezi pa Chancellor College, anagwidwa mu Zomba muno n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, ndende imene iri m'chigwa chomwechi chotsetserekera ku Chilwa. Anakhalamo mpaka May 1991 osazengedwa mlandu uli wonse. Tsono ndikufunseni: pakati pa amene ankaomba m'manja pa chiri chonse ndi maepiskopi a Chikatolika amene mu March 1992 analemba kalata yodzudzula zolakwika, anakhulupirika ku Malawi ndani? Pa 14 June 1993 anthu anayankha okha funso limeneli pa riferendamu. Nthawi zina wokhulupirika weniweni ndi amene amauwa mbuye wake akamalowera kuphompho.

Anthu a ku Japan ali ndi kanema wina wa agalu amene ndikuganiza kuti ayenera kuonedwa pamodzi ndi wa Hachiko, chifukwa amaonetsa mbali ina ya chingwe. Dzina lake ndi Nankyoku Monogatari, wa m'chaka cha 1983, ndipo nayenso anachokera pa zinthu zimene zinachitikadi. Mu February 1958 akatswiri a ku Japan amene ankafufuza za sayansi ku Antarctica, dziko la madzi oundana kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, anachotsedwako mofulumira. Anasiya agalu 15 okoka katundu ali omangidwa pa unyolo, poganiza kuti gulu lina la anthu lifika posachedwa, koma nyengo inaipa ndipo gululo linalephera kufika. Pamene anthu anabwererako mu January 1959 anapeza agalu 7 atafera pa unyolo pomwepo, 6 atasowa, ndipo awiri okha, Taro ndi Jiro, ali moyo. Onani bwino: amene anapulumuka ndi amene anavula unyolo. Ndipo mtima wa kanemayu suli pa agalu okha. Uli pa amuna amene ankawasamala, amene akubwerera kwao ndi manyazi osawagonetsa tulo, wina mpaka kuyenda m'makomo a eni agaluwo kukapepesa. Apa funso latembenuka. Sitikufunsanso ngati galu ali wokhulupirika kwa munthu, tikufunsa ngati munthu ali wokhulupirika kwa galu.

Funso limeneli likatipeza kwa Kuntumanji tidzayankha chiani? Galu wathu amalondera nkhokwe usiku wonse, amapirikitsa anyani m'munda, amatsogolera kuuzimba, koma malipiro ake ndi mkute ngati watsala, ndi chikuni cha moto ngati wayandikira mphika. Akakalamba kapena akagwidwa ndi nkhupakupa timamthamangitsa pakhonde. Matenda a chiwewe, amene apha ana ambiri m'dziko muno, amapewedwa ndi jekeseni, ndipo pamene bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu katemera ku Blantyre mu 2015 n'kufika ku Zomba mu 2016, silinkalipiritsa kanthu. Chimene chinkafunika kwa mwini galu ndi kuyenda naye basi. Mwina tikamati "galu iwe" ponyozana, timanyoza nyamayo chifukwa cha khalidwe limene njala yochokera kwa ife eni ake yaiphunzitsa. Ueno anamchotsa utitiri Hachi chaka chimodzi, nakolola zaka 10. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Pano wina angandidule mau n'kunena kuti, "Iwe mwana wa sukulu, ukusandutsa kukhulupirika kukhala malonda. Ngati ndiyenera kukhulupirika kwa yekhayo amene akundibwezera, nanga mai amene akusamala mwamuna wake wofa ziwalo, amene sadzalimanso kapena kumuyamika, achoke? Nanga mwana amene akusunga kholo lake losokonezeka mutu ndi ukalamba, limene silimzindikiranso?" Funso limeneli ndi lolemera ndipo sindifuna kulilumpha. Yankho langa ndi lakuti pali kusiyana pakati pa munthu amene sangathe kubweza ndi munthu amene safuna kubweza. Wodwala uja sanathawe, agwidwa ndi matenda. Pamene anali ndi mphamvu anagwira mbali yake ya chingwe, ndipo amene akumsamala akudziwa zoona zonse, waona, wayeza, nasankha kukhala. Kumeneko ndiko kukhulupirika kwa munthu, ndipo kumaposa kwa Hachi kutalitali, chifukwa khomo lotulukira liri lotsegula koma mwini wake sakutuluka. Ueno naye sanamnyenge galu wake, inamletsa ndi imfa, ndiye chifukwa chake nkhani yao imatigwetsa misozi yoyera. Koma mtchona amene ali moyo, amene akudziwa njira ya kwao ndi mtengo wa sitampa, ndi wina. Kumudikira iyeyo mosafunsa si ukoma, ndi kumthandiza kuchimwa.

Nyanja yathu yomweyi ingatiphunzitse kudikira kwa umunthu. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'ambika, mabwato ali gonegone pamtunda. Nthawi zotere nsomba zotsala zimabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Domasi ndi Likangala, ndipo madzi akabwerera ndi zomwezo zimene zimadzazanso nyanja. Pa chilala cha 1995 mafumu a m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi a zausodzi anagwirizana zoteteza maiwe amenewa, naletsa anthu kuthiramo katupe, mankhwala a zitsamba aja amapha nsomba zonse, zazikulu ndi ana omwe. Anthu anali ndi njala, nsomba zinali pafupi, koma ambiri anadziletsa. Amenewa nawonso ankadikira chinthu chimene chinachoka osatsazika. Koma sanakhale pagombe kuyang'ana kum'mawa manja ali m'khosi. Anafunsa akuluakulu amene anaona chilala cha 1968, anadziwa chimene chimabweretsa nsomba, nagwira ntchito yosunga mbeu. Kudikira kwao kunali ndi maso ndi manja, ndipo madzi atabwerera nsomba zinabwerera nao.

Motero, awerengi anzanga, ine sindikuti tileke kukhulupirika. Dziko limene ali yense amathawa zinthu zikangovuta silingakhalike, ndipo kali kokha n'kanyama. Ndikuti pamene wina akutiuza kuti tikhulupirike, kaya ndi mwamuna, kaya ndi bwana, kaya ndi mtsogoleri wa chipani kapena wa mpingo, tiyang'ane ngati dzanja lake lagwira mbali inayo ya chingwe. Ndipo ife amene tikuphunzira pano tisaganize kuti nkhaniyi ikunena anthu ena. Ambiri a ife tinasiya kumudzi makolo amene anagulitsa mpunga ndi mbuzi kuti tifike kuno, ena tinasiya malonjezo kwa ana a eni ake. Digiri nayo ndi sitima, ndipo yanyamula anthu ambiri amene sanatsikenso pa siteshoni ya kwao. Ngati pali amene akukudikira, bwerera. Ngati sungathe kubwerera, lemba kapena imba foni. Ngati mtima wako unachokako, limba mtima ukanene zoona pamaso pa ankhoswe, umsudzule mnzako akadali ndi mphamvu zoyambiranso moyo.

Mu March 2015, patatha zaka 80 chifere Hachiko, yunivesite ya Tokyo inavundukula chifanizo china pabwalo la sukulu yake ya zaulimi, kumene Ueno ankaphunzitsa. Pa chimenechi galuyo sali yekha. Mphunzitsi wafika, chikwama chake waika pansi, wawerama, ndipo galu wamlumphira ndi miyendo yakutsogolo. Zinatenga zaka zonsezo kuti anthu aone kuti chifanizo cha pa Shibuya chinali theka chabe la nkhani. Ngati tifuna kuphunzitsa ana athu kukhulupirika, tiwaonetse chachiwirichi, chimene chiri ndi wodikira pamodzi ndi wobwerera, ndipo tiwauze kuti mwa awiriwo, ntchito ya munthu ndi ya uyo waika chikwama pansi.